Kulowa nyumba ya lendi ya masiku ochepa ku Mulanje kapena ku Thyolo: kuyambira pa dipoziti mpaka kubweza makiyi

Ambiri opita kutchuthi ku Mulanje ndi ku Thyolo safunanso kupanikizana m'zipinda za loji. Amapeza nyumba yonse yokhala kale ndi mipando ndi ziwiya, pakati pa nyumba za anthu ku boma, ku Chitakale, ku Likhubula, ku Luchenza kapena ku Bvumbwe, n'kulipira masiku atatu kapena sabata. Mukakhala ambiri mtengo umatsika, ndipo mumadya zophika nokha. Pomwe anthu amapunthwa ndi pamodzimodzi: amalowa nyumbayo ndi maganizo a ku loji. Ku loji babu likapsa pali womuitana. Kuno mayunitsi a magetsi akatha 8 koloko usiku nsima ili pamoto, eni nyumba ali ku Blantyre, wogula ndinu. Kuseri kwa mpandako kulinso anthu amene sali patchuthi, mawa akulawirira ku esiteti kapena kusukulu.

Zoti munyamule

- Matochi awiri ndi pawa banki yodzaza.
- Ekisitenshoni ya mabowo anayi, ndi adaputa ngati chaja yanu ndi ya mano awiri. Nyumba zambiri zili ndi soketi imodzi m'chipinda, nayonso ili kuseri kwa bedi.
- Loko wanuwanu wa pageti kapena pachitseko.
- Maneti a udzudzu okwanira mabedi onse, ndi chingwe cha mamita 10 chomangira. Khoma la eni sitikhomamo misomali.
- Zigubu ziwiri za malita 20 ndi botolo la WaterGuard.
- Mthiko, chipande, mpeni wakuthwa, machesi, sopo ndi kansalu kopukutira mbale. Mapoto ndi mafoloko mukawapeza, koma mthiko nthawi zambiri mulibe.
- Matawulo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti onjezani bulangete ndi majuzi, pomwe Novembala mpaka Epulo tengani ambulera ndi nsapato zosaterera.
- Simu ya Airtel ndi ya TNM. M'munsi mwa phiri ndi m'zigwa za m'minda ya tiyi, pamene ina yathawa ina imagwira.
- Ndalama za m'manja zosinthasintha, za kabaza ndi zamsika.
- Chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala a ana, ndi mankhwala omwe wina amamwa tsiku ndi tsiku.

Musanatumize ndalama iliyonse

1. Sankhani dera potengera chomwe mwadzera. Ngati ndi phiri, funani nyumba ya ku Likhubula kapena ku Chitakale, pomwe msewu wa ku Likhubula umapatukira. Ngati mulibe galimoto, musatalikire boma kapena Chitakale, chifukwa minibasi, kabaza ndi msika zili pomwepo. Ku Thyolo, nyumba za pa boma zili pakati pa minda ya tiyi, pomwe Bvumbwe ili pafupi ndi Limbe ndipo ndiwo zamasamba n'zosasowa. Funsani za kachigawo komaliza ka msewu. Pamapu nyumba imaoneka ngati ili m'mbali mwa tala, koma kilomita yomalizayo ikakhala ya katondo, mvula ikagwa galimoto yaing'ono imangovina pamodzimodzi.

Pa Isitala, pa 6 Julayi, pa Khirisimasi ndi mu Okutobala monse nyumba zabwino zimatha msanga. Okutobala ali ndi Tsiku la Anakubala pa 15 komanso mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde. Nthawi zimenezi yambani kufunafuna kudakali mwezi wathunthu.

2. Ionani nyumbayo pa vidiyo, osati pazithunzi. Zithunzi za pa Facebook aliyense angathe kuziba n'kuikapo nambala yake. Imbani vidiyo pa WhatsApp, ndipo munthuyo ayambire kumsewu, atsegule geti inu mukuona, alowe, atsegule mpopi wa kukhitchini ndi shawa, akuonetseni mita ya magetsi. Akatero akutumizireni malo ake pamapu ali pomwepo. Ngati muli ndi m'bale kapena mnzanu cha komweko, mutumeni akagogode.

Chenjezo: mawu oti "pali wina akuifunanso, tumizani pompano" ndi nyambo. Chimodzimodzi munthu amene tsiku lililonse netiweki yake imakana vidiyo koma meseji ya ndalama imadutsa.

3. Funsani mafunso awa, mayankho akhale olembedwa. Zapakamwa zimaiwalika tsiku lobweza dipoziti.

- Kodi mayunitsi, madzi ndi gasi zili mumtengo womwewu, kapena tigula tokha?
- Mita ndi ya nyumba yokhayi, kapena ikudyetsanso boyizi kota?
- Magetsi akathima pali sola kapena jenereta? Zimayatsa mababu okha, kapena ndi fuliji yomwe?
- Madzi ndi a Water Board, a thanki kapena a pamjigo?
- Pampandapo pakukhalanso anthu ena? Alipo agalu?
- Mlonda alipo, ndipo amamulipira ndani?
- Anthu ololedwa kugona ndi angati? Wowonjezera alipira zingati?
- Makiyi tikatenga kwa ndani, nthawi yanji, ndipo nambala yake ndi iti?
- Tikalephera kubwera, ndalama zibwerera zingati?

Wobwera pakati pa Januwale ndi Malichi awonjezere funso ili: kodi madzi anayamba alowapo m'nyumbamo kapena kudula msewu wake? Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa poyera zomwe timitsinje totsika m'phiri timachita tikakwiya. Nyumba yomwe ili m'mphepete mwa khwawa ndi yokongola mu Ogasiti, osati mu Febuluwale.

4. Lipirani gawo chabe. Theka kapena kucheperapo ndi lokwanira kugwira malo, zotsalazo mukapereke mutalowa. Musanatumize zambiri pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki, yambani mwatumiza kandalama kochepa kuti muone dzina lomwe lituluke. Likasiyana ndi la amene mukuyankhula naye, afotokoze kaye. Sungani meseji yotsimikiza, ndipo iwo alembe kuti alandira zingati, za masiku ati. Ngati nyumbayo mwaipeza pa Airbnb, tsamba la pa intaneti lopezerapo nyumba za alendo, lipirani momwemo. Akakunyengererani kuti mulipire pambali kuti akutsitsireni, dziwani kuti zikavuta mulibe kokadandaula.

Siyanitsaninso ndalama ziwiri zomwe anthu onse amangoti dipoziti: yogwirira malo, yomwe imachotsedwa pa lendi, ndi ya chikole cha zowonongeka, yomwe iyenera kubwerera yonse mukatuluka bwino. Zilembedwe padera.

Tsiku lofika

5. Fikani dzuwa likadalipo. Kuchokera ku Limbe kupita ku Mulanje pali misewu iwiri: wa Midima wodzera pa Nkando, ndi wodzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza, womwe uli ndi makhota ambiri ndipo m'nyengo yozizira nkhungu imatseka. Thirani mafuta okwanira kupita ndi kubwerera musanatuluke m'tauni. Konzani zofika isanakwane 3 koloko. Mu Juni ikamakwana 6 koloko kumakhala kutada kale, ndipo zonse zili m'munsimu zimafuna kuwala.

6. Yenderani nyumba yonse ndi amene wakupatsani makiyi, katundu akadali m'galimoto. Foni ikhale ikujambula. Tsegulani ndi kutseka chitseko chilichonse ndi kiyi wake, yesani mawindo, gujumulani toileti, yatsani babu lililonse, lowetsani chaja m'masoketi. Werengani mbale, makapu, matambula ndi masupuni mokweza kuti mawu amveke pavidiyopo. Galasi long'aluka, banga la pasofa, limoti yopanda chivindikiro, zonsezo zionekere. Mukatha tumizani vidiyoyo kwa eni nyumba nthawi yomweyo, kuti tsiku ndi nthawi zidzachitire umboni. Funsaninso kuti makiyi a nyumbayi alipo angati ndipo ali ndi ndani. Yankho likakhala lozungulira, loko wanu uja wapeza ntchito.

7. Idziweni mita ya magetsi. Apa ndi pomwe mikangano yambiri imabadwira. Jambulani nambala ya mita ndi mayunitsi omwe mwawapeza. Nambalayo isungeni m'foni, chifukwa ndi yomwe mudzalembe pogula mayunitsi a ESCOM pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki ya pafoni. Mukagula mumalandira manambala 20 oti mulowetse pa kabokosi ka mabatani. Funsani komwe kali, poti nyumba zina kamakhala m'chipinda chokhoma cha eni ake, kapena kwa aneba. Lowetsani manambalawo modekha, ndipo mukalakwitsa fufutani n'kuyambiranso m'malo mongobwerezabwereza.

Kuti mudziwe ogula, kumbukirani kuti yunitsi imodzi ndi chipangizo cha mawati 1,000 chitayaka ola limodzi. Mababu, TV ndi machaja sizidya zambiri, ndipo fuliji imatha yunitsi imodzi kapena awiri patsiku. Akuba enieni ndi zinthu zotenthetsa. Giza, thanki yotenthetsera madzi osamba, ikakhala ya malita 150 imafuna mayunitsi pafupifupi 7 kuti madzi ozizira atenthe, ndipo imatenga maola awiri ndi kanthu. Mbale imodzi ya kuka, chophikira cha magetsi, imakoka mawati 1,000 mpaka 1,500, choncho nyemba za maola atatu zingadye mayunitsi atatu kapena anayi. Hita ya mawati 2,000 ikayaka maola 8 usiku yameza 16. Banja loyatsa giza kamodzi patsiku n'kumaphikira magetsi liwerengere mayunitsi 12 mpaka 15 patsiku. Lophikira gasi kapena makala, osagwiritsa giza, anayi amakwana.

Pezani switchi ya giza pabokosi la maswitchi. Iyatseni maola awiri musanasambe, mukatha muzimitse. Ngati mukukayikira kuti mita ikudyetsa nyumba ina, zimitsani zonse m'nyumba mwanu, fuliji yomwe, muwerenge mayunitsi, mudikire ola limodzi madzulo anthu akuphika. Akatsika, pali amene mukumuphikira. Nkhaniyo ikambeni ndi eni nyumba usiku womwewo, osati ndi anebawo.

Magetsi akathima, zulani TV, machaja ndi laputopu, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopsereza zinthu. Onetsetsaninso kuti kuka ndi ayironi n'zozimitsa, kuopa kuti angabwere inu mutagona kapena mutachoka. Fuliji yosatsegulidwa imasunga kuzizira maola anayi, ndiye ana asamangoisuzumira.

8. Tungani madzi musanachite china chilichonse. Ndi zoona kuti madzi a ku Likhubula amakafika mpaka ku Blantyre, koma zimenezo sizitanthauza kuti mpopi wa nyumba yanu sungaume. Mvula yamphamvu imadula mapaipi kapena kubweretsa madzi a matope, ndipo ngati thanki imadzazidwa ndi pampu ya magetsi, kuthima kwa magetsi ndi kutha kwa madzi. Dzazani zigubu ziwiri zija zakumwa ndi kuphikira, ndi ndowa zonse zomwe mwazipeza. Toileti imataya malita 6 mpaka 9 pakugujumula kamodzi, choncho anthu asanu amatha ndowa zingapo dzuwa lisanafike pamutu. Thanki ya malita 1,000, aliyense akamasamba ndi kuchapa mwaufulu, masiku atatu siifika.

Madzi akumwa thirani kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard pa malita 20, mudikire mphindi 30. Akakhala ofiira, asiyeni adikhe, asefeni ndi nsalu yoyera, kenako muwiritse. Funsaninso pomwe pali kotsekera madzi a nyumba yonse. Paipi ya m'bafa ikaphulika pakati pa usiku, simudzakhala ndi nthawi yoimba foni.

9. Yesani gasi, ndipo mbaula ikhale panja. Pakani thovu la sopo polumikizira paipi ndi silinda komanso m'paipi monse. Pakatuluka timathovu tokula, pakudontha, musayatse. Mukamva fungo la gasi m'nyumba, tsekani pasilinda, tsegulani zitseko ndi mawindo, ndipo musakhudze switchi ya magetsi kapena machesi. Inyamuleni silindayo mumve kulemera kwake, mufunse komwe amadzazitsa.

Za mbaulazi musazitenge mwachibwana. Chiperoni chikagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, kamvula kowaza ndi nkhungu zimatha masiku angapo, kuzizira kolowa m'mafupa, ndipo munthu amaganiza zolowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka mawindo. Mpweya wa makala ulibe fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi kufooka, ndipo ogona sadzukanso. Otherani pakhonde, makalawo muwazimitse ndi madzi musanakagone. Wina akayamba kumva mutu kapena nseru pafupi ndi mbaula, mutulutsireni panja msanga ndi kupita naye kuchipatala.

10. Konzani pogona kusanade. Vundukulani nsalu muone m'misoko ya matilesi. Timadontho takuda tambirimbiri ndi chizindikiro cha nsikidzi, ndipo zikwama zisalowe m'chipinda chimenecho. Nyumba yomwe yakhala yotseka m'dera la mvula yambiri ngati lino imanunkha chuku: tsegulani mawindo ndi makabati, mabulangete muwayanike. Mangani maneti ngakhale kukuzizira. Zovala zoyanika panja m'nyengo yamvula muzisite zonse, makamaka za ana ndi zamkati, chifukwa pali ntchentche yomwe imaikira mazira pa nsalu zonyowa ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu.

Kukhala ndi aneba

11. Kapatseni moni tsiku lomwelo. Sizifuna mwambo. "Odi kuno! Mwaswera bwanji mayi? Ndife alendo, talowa m'nyumba iyi, tikhala mpaka Lamulungu." Basi. Anthu amenewa ndi omwe angakuuzeni kuti madzi amabwera nthawi yanji, wa kabaza wokhulupirika ndi uti, njira iti siyendedwa usiku. Ndi omwenso angafunse munthu wachilendo akamazungulira pageti inu muli kuphiri. Amene sanapatsidwe moni amangoyang'ana.

12. Chepetsani phokoso, ndipo muzitchera khutu za maliro. Ikakwana 9 koloko usiku sipika itsike, ndipo macheza a pakhonde alowe m'nyumba. Ngati mukufuna kuotcha nyama ndi anzanu ochokera kwina, pemphani eni nyumba kaye, aneba muwadziwitse masana. Mukaona masamba ataikidwa pamsewu, m'deramo mwagwa zovuta. Yendetsani galimoto pang'onopang'ono, zimitsani wailesi, vulani chipewa, ndipo kunyumbako nyimbo ziyembekeze mpaka mwambo utatha. Maliro akakhala a nyumba yoyandikana nanu, funsani wosamalira nyumba kuti chipepeso chikuperekedwa kwa ndani. Kaya n'kochepa, kamaoneka.

Galimoto musaimike panjira yomwe anthu amadzera popita kumjigo kapena kutchalitchi. Ana a eni ndi amayi othyola tiyi musawajambule musanapemphe.

13. Gwirizanani ndi mlonda ndi othandiza ntchito. Mlonda adziwe anthu ndi galimoto za m'nyumbamo, ndi nthawi yomwe mubwere mukachoka. Musamutume kogula zinthu usiku, geti n'kutsala lokha. Kapu ya tiyi ndi mbale ya nsima usiku wa chiperoni si zolembedwa mumgwirizano, koma ndi umunthu. Wochapa kapena wophika apezeke kudzera mwa wosamalira nyumba, ndipo mtengo mugwirizane ntchito isanayambe. Ogulitsa nanazi, nthochi ndi mapeyala muzigulana nawo pageti. Makiyi asachoke m'manja mwanu.

14. Samalani toileti ndi zinyalala. Nyumba zambiri kuno zili ndi thanki yakeyake ya zonyansa pansi. Matewera, mapadi ndi timapepala tonyowa topukutira ana zikalowa m'toileti zimatseka paipi, ndipo ndalama yokonzera idzachoka pa chikole chanu. Funsani komwe kuli dzenje la zinyalala. Zotsala zakudya musasiye panja usiku chifukwa cha agalu, ndipo m'nyumba zoyandikira nkhalango tsekani windo la kukhitchini mukamachoka, apusi sachedwa.

Mukamapita kokayenda

15. Siyani uthenga, tsekani, zimitsani. Muuzeni wosamalira nyumba komwe mukupita ndi nthawi yobwerera. Laputopu ndi ndalama zisaonekere pawindo. Wokwera phiri ayambire ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula ndi kutenga womuperekeza wovomerezeka. Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ndi wotalika mamita 3,002, ndipo si ulendo wonyamuka m'mawa n'kudzadyera nkhomaliro kunyumba, umafuna kugona m'phiri momwemo. Ngakhale pa Dziwe la Nkhalamba, lomwe lili pa mtsinje wa Likhubula, madzi ndi ozizira ndi akuya, miyala ndi yoterera, ndipo mvula ikagwa pamwamba mtsinje umadzaza pansi pano kuli dzuwa. Minda ya tiyi ili ndi eni ake: pemphani pageti, kapena konzani ulendo ndi esiteti yolandira alendo monga Satemwa ku Thyolo. Akakutsatsani matabwa kapena timabokosi ta mkungudza, kumbukirani kuti mtengowu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo ndipo kuudula n'koletsedwa.

Dziwiranitu chipatala chapafupi: cha boma ndi cha Mulanje Mission ku Mulanje, cha boma ku Thyolo, ndi Malamulo ku Makwasa.

Tsiku lotuluka

16. Bwezani nyumba pamaso pa munthu. Dzulo lake gwirizanani nthawi. Tsukani mbale, tulutsani za m'fuliji, tayani zinyalala, masulani zingwe za maneti. Yenderaninso nyumba ndi wosamalira muli ndi vidiyo ya tsiku loyamba, jambulani mita, tsekani gasi, zimitsani giza. Ngati mwaswa tambula nenani nokha, mtengo wake umakhala wa tambula. Akaitulukira okha mutapita, umakhala wa seti yonse. Chikole chibwezedwe muli pomwepo, apo ayi alembe tsiku lomwe atumize. Makiyi aperekedwe m'manja, osati pansi pa mwala.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwabwerezedwa

Kulipira ndalama zonse nyumba musanaione. Mukakapeza kuti si ija ya pazithunzi, mulibenso chogwira.

Kunena kuti mubwera anayi n'kufika khumi. Madzi a m'thanki, mabedi ndi toileti zinawerengedwa pa anthu anayi, ndipo aneba amawerenga olowa pageti.

Kugula mayunitsi ambiri tsiku loyamba. Otsala pamita sabwezedwa. Gulani a masiku awiri, muone momwe akutsikira, kenako muwonjezere. Koma musadikire kuti afike pa ziro, chifukwa netiweki yogulira imathanso kuvuta usiku womwewo.

Kulakwitsa nambala ya mita pogula. Manambala 20 aja amagwira pa mita yomwe mwalemba yokhayo, ndiye onani dzina lomwe latuluka musanatsimikize.

Kukonza nokha chomwe chawonongeka. Giza ikadontha kapena switchi ikamangogwa, zimitsani, jambulani, imbirani eni ake. Mukaitana wokonza wanu, mlandu wonse ukhala wanu.

Kusiya mpopi wotsegula madzi atasiya. Amabwera 2 koloko usiku kapena inu muli ku Likhubula, n'kudzapeza matilesi akuyandama.

Kuiwala za udzudzu mukabwerera kwanu. Wina akatentha thupi patatha sabata imodzi kapena ziwiri, akayezetse malungo tsiku lomwelo, ndipo awauze achipatala komwe anali.